Galimoto ya Apongozi

"Ndiye mukufuna ndikaime pamaso pa apolisi n'kunena kuti chiyani? Kuti mkazi wanga wagundidwa ndi bambo anga?"

Ambokile anafunsa motsitsa mawu, maso ali kuchitseko, chifukwa nyumba ya bambo akewo inali kuseri kwa nthochi pomwepo. Mkazi wake Tusajigwe anali atakhala pamphasa, dzanja atagwira m'nthiti chakumanzere. Linali tsiku lachitatu chigundidwireni.

"Sindinati mukanene zimenezo, bambo a Ipyana. Ndangoti mundiperekeze kuchipatala akandione. Ndikamapuma ndikumva ngati muno mwatsalira chisonga."

"Kuchipatala munthu wa ngozi ya pamsewu samulandira wopanda kalata ya kupolisi. Kupolisi akafunsa kuti galimoto ndi ya yani, ankayendetsa ndani. Inuyo dzinalo mukalitchula?"

Tusajigwe anangozyolika. Dzina la apongozi ake aamuna, a Mwankuga, linali lisanadutsepo pakamwa pake zaka zisanu ndi ziwiri zonse za ukwati wake. Kumapiri a ku Tukuyu kuno mtengwa ndi apongozi aamuna saonana maso ndipo sayankhulana. Akakumana panjira, mtengwa amafunda chitenje kumutu n'kupatuka.

"Chipatala cha chiyani, munthu anadzuka yekha n'kuthamanga?" Awa anali a Ndimbumi, mayi ake a Ambokile, akulowa ndi mphika wa madzi otentha. "Wothyoka fupa amathamanga? Magazi mwawaona pati? Kachilonda ka pachigongono kaja kauma kale. Gona apa mwana wanga, ndikuthowe."

"Komanso inu, mayi a Ipyana, munathawiranji?" anatero Ambokile. "Mukanakhala pomwepo bwenzi zonsezi kulibe."

"Munkafuna nditani? Chifunga chinali chakuti dzanja lako lomwe sungalione. Ine ndili m'mbali mwa msewu, mkoko wanga wa nthochi uli pamutu, ndikupita kumsika. Ndinangomva phi! m'nthitimu, ndili pansi. Ndikuti ndidzuke, ndikumva chitseko cha galimoto, kenako mawu: 'Mayi, mwavulala? Mayi!' Mawu a eni mudzi uno. Nsalu yanga n'kuti itakwera mpaka m'ntchafu. Mukanakhala inu mukanagona pomwepo kudikira kuti akunyamuleni? Ndinafunda chitenje, ulendo wa m'nthochi."

"Unachita bwino, unaleredwa iwe," anatero a Ndimbumi akufinya kansalu. "Ndipo sanakuzindikire. Tsopano tamverani nonse awiri. Bambo anu ndi mkulu wa mpingo, ndipo mtima wawo mukuudziwa, amaumwera mapiritsi. Akangomva kuti amene anamugwetsa uja ndi mtengwa wawo, kuti anaona miyendo ya mkazi wa mwana wawo, tikawaika m'manda ife tomwe. Akwanu nawonso, iwe Tusajigwe, akamva abwera ndi chingwe chomangira ng'ombe ya chindapusa. Za m'nyumba sizituluka pakhomo."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, amayi," anatero Tusajigwe mwaulemu.

"Amatsekula m'mimbamo mukavutadi. Zakozi ndi mnofu chabe."

Ambokile anayang'ana mkazi wake, n'kuyang'ana mayi ake, ndipo anagwera mbali imene inali yopepuka. Anapita kusitolo kukagula mapiritsi oletsa ululu. Masiku ano akamasimba nkhaniyi amaseka, koma kumakhala kuseka kwa munthu amene wazindikira atadutsa kale kuti chimene anapondacho inali njoka.

Chimene onse atatu sanachiganizire chinali chakuti a Mwankuga sanali munthu wogunda mnzake n'kukagona tulo. Anayendetsa malole a ku esiteti ya tiyi zaka makumi atatu osagundapo ngakhale nkhuku, ndipo ankauza zimenezi aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe. Lamulungu kutchalitchi abusa atamaliza zolengeza za kwaya ndi za maliro, anawonjezera china.

"Mayi amene anagundidwa ndi pikapu yoyera Lachinayi m'mawa pa kona ya kumlatho, kapena aliyense womudziwa, aonane ndi a Mwankuga. Akuti sali pa mlandu mayiyo, angofuna apite naye kuchipatala."

Ambokile anali pabenchi yachitatu. Kunja kunkawaza mvula yozizira, koma iye thukuta linali kamukamu.

Lachitatu m'mawa bambo ake anamuitana. "Kwera, undithandize kufunsa. Maso awiri saona zonse."

Tsiku lonse anazungulira midzi ya m'mbali mwa msewu. Anafunsa amayi ogulitsa mapeyala, anafunsa pachigayo, anafunsa kwa mzamba, anafunsa ngakhale kwa munthu wokhoma mabokosi a maliro. Paliponse Ambokile ndiye ankatsika, kuvula chipewa, n'kufunsa ndi nkhope yachisoni za mayi amene anamusiya m'mawa womwewo akubuula pamphasa yake. Bodza likamayendetsedwa pagalimoto limalemera kuposa mikoko makumi awiri.

"Mwina anali wakutali, bambo," anatero akubwerera. "Akanakhala kuti wavulala bwenzi titamva."

"Anasiya mkoko wathunthu pamsewu. Mayi wa kuno amasiya mkoko ali bwinobwino?" A Mwankuga anasintha giya. "Ndikuuze, Ambokile. Munthu wogundidwa akadzuka n'kuthawa, amandiopsa kuposa wogona pansi akulira. Wolirayo amakuuza pamene papweteka. Ku esiteti tinali ndi mnzathu wokweza matumba. Lole inamukankha pang'ono pobwerera m'mbuyo, ya wina osati yanga. Anadzuka, kusasa fumbi, kuseka, kumaliza ntchito. Patatha sabata tinakadya nyemba pamaliro pake. Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga, mkati muli nyerere."

Atayenda pang'ono, a Mwankuga anafunsanso.

"Nanga mayi a Ipyana ali bwanji? Masiku ano sindikuwamva akukalipira ng'ombe m'mawa."

"Ndi malungo, bambo."

"Malungo sachizira pamphasa. Upite nawo kuchipatala."

Mawu anafika mpaka kumano kwa Ambokile. Koma anakumbukira mapiritsi a mtima aja, n'kuwabwezanso mawuwo kukhosi. Atafika kunyumba anapeza Tusajigwe atakhala pakhonde akusenda nthochi za chakudya chamadzulo, ndipo mtima wake unakhala pansi.

"Mwaona?" anatero a Ndimbumi. "Madzi otentha ndi dzanja la munthu wamkulu. Mukanapita kupolisi bwenzi pano mukuluma zala."

"Ndikupezako bwino ndithu," anavomera Tusajigwe. "Chongondidabwitsa n'chakuti tsopano likuwawa ndi phewa ili, koma paphewa sanandigunde."

"Wagonera mbali imodzi nthawi yaitali," anatero a Ndimbumi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lolemba lotsatira, dzuwa litakwera, mwana wawo Ipyana atapita kusukulu, Tusajigwe anati ng'ombe yadya za anthu ena mokwanira, akaimwetere yekha udzu. Anamweta, anamanga mtolo, ndipo pamene ankati ausenze anangoti "Mayo!" Ambokile anamupeza atagona pafupi ndi khola. Milomo inali itayera ngati phulusa, thupi lili zii, mimba italimba gwa.

"Thamanga ukaitane wa njinga yamoto!" anakuwa a Ndimbumi.

"Akhala bwanji panjinga, amayi? Mutu womwe sakutha kudzutsa!"

Tusajigwe anatsegula maso pang'ono n'kugwira malaya a mwamuna wake. "Bambo a Ipyana," anatero monong'ona, "mwanayo musadzamusiyitse sukulu."

Mawu amenewo ndi amene anathyola Ambokile. Anadumpha mtolo wa udzu uja, liwiro la mtondo wadooka kudutsa m'nthochi. Anapeza bambo ake atawerama pa injini ya pikapu, akuthira madzi.

"Bambo! Mayi uja mukumufuna ali kwanga. Ndi mkazi wanga. Akufa, bambo."

A Mwankuga anaweramuka pang'onopang'ono. Ambokile anadikira kuti agwire pachifuwa n'kugwa, monga anthu onse anali atalosera. Sanagwe. Anatseka boneti, napukuta manja pathalauza.

"Masiku khumi ndi awiri," anatero. "Tsegula kumbuyoko. Tenga matiresi anga uyale."

Pamene galimoto inkaima pakhola, a Ndimbumi anaimika manja m'mwamba. "Abambo, akwera bwanji galimoto imodzi ndi inu? Anthu ati chiyani?"

"Anthu anena ndithu. Sankhani nokha, akanenere panjira kapena akanenere pamaliro." Anavula jekete n'kuikoleka pagalasi lakumbuyo kwa mutu wawo, galasi loonera m'mbuyo n'kulipotozera kumwamba. "Ine ndiyang'ana msewu. Mufunditseni chitenje ngati n'chimene chakudetsani nkhawa, koma mphuno musiye panja. Kwerani nanu, mumugwire mutu."

Ambokile anali asanaonepo bambo ake akuyendetsa chotero. Munthu amene ankaimira nkhuku kuti iwoloke anadutsa malole pachitunda, hutala ikungolira mpaka pageti la chipatala.

Pakhomo lolandirira odwala Ambokile anayamba kuchita chibwibwi. "Amayi, ndi ngozi ya pamsewu, koma kalata ya kupolisi sitina..."

"Kalata ibwera pambuyo, bambo, munthu kaye!" anatero namwino, dzanja lili kale pamkono pa Tusajigwe. "Yachitika nthawi yanji?"

"Lachinayi. La sabata yatha ija... iyayi, inzake ija."

Namwinoyo anamuyang'ana kamodzi kokha, ndipo Ambokile analakalaka pansi patang'ambika. Anthu ovala zoyera anathamanga ndi machira, chitseko chinatsekeka.

"Za kalatazo zisiye kwa ine," anatero a Mwankuga ali panja, nkhope atalozetsa kumpanda. "Ndinakadzinenera ndekha kupolisi m'mawa womwe uja. Analemba zonse, anayeza mabuleki, n'kundiuza kuti ndikamupeza mayiyo ndikatenge kalata yake. Palibe amene anandimanga. Chinkasowa papepalapo ndi dzina limodzi lokha." Anakwera galimoto n'kupita.

Ambokile anakhala pabenchi ndi mayi ake maola atatu. A Ndimbumi, amene pakamwa pawo sipankauma mawu, ankangopotokola ngodya ya chitenje. Kamodzi kokha anati, "Ine ndinkati ndikusunga mudzi."

Kenako kunatuluka dokotala, mayi wamfupi wa magalasi, akuvula kansalu kakukamwa.

"Mwamuna wa Tusajigwe ndi uti? Ndinu? Mkazi wanu akhala moyo."

Ambokile anakhala pansi pasimenti pomwepo, akuseka, misozi ili mbwembwembwe. Dziko lonse linapepuka. Ngakhale fungo la mankhwala la m'khondemo linamukomera. A Ndimbumi anayamba nthungululu, n'kuidula pakati atakumbukira kuti ali m'chipatala.

"Musasangalale musanamve zanga," anatero dokotalayo. "Kapamba anang'aluka tsiku lomwe anagundidwalo. Anangogwirana ngati mphika wa mng'alu, lero ndiye waphulika, magazi n'kudzaza m'mimba. Tamuchotsa. Mukanachedwa ola limodzi lokha bwenzi mukufunsa mtengo wa bokosi. Masiku onsewa munali kuti?"

"Anadzuka yekha, adokotala. Anathamanga. Magazi sanatuluke."

"Thupi limanama tsiku loyamba, bambo. Mantha amabisa ululu. Galimoto ikakugunda, ngakhale udzuke n'kuvina, usachoke pamalopo. Ukhale pansi, ukuwe, anthu akuone, wina alembe nambala ya galimoto, ndipo tsiku lomwelo ufike kuno tikuyeze mkati. Ovulala kunja ndimawasoka n'kupita kwawo. Amene amandiliza ndi awa obwera osalala ngati mkazi wanu. Woyendetsayo anathawa?"

"Sanathawe," anatero Ambokile. "Anathawa ndi wogundidwa."

Dokotalayo anavula magalasi, anamuyang'ana, n'kuwavalanso. "Ndi apongozi eti? Kachitatu tsopano kumva zotere. Wina anagwa mumtengo wa mapeyala n'kukwawa ndi mwendo wothyoka chifukwa amene anabwera kudzamutola anali apongozi. Kalowetseni zovala za wodwala, amayi. Inu bambo mukapereke magazi, tawononga ambiri pa mkazi wanu."

A Mwankuga atabwerera ndi kalata anapeza mwana wawo pabenchi, thonje lili pamkono. Anamva uthengawo ataimirira, anavula chipewa, anayang'ana kumwamba kanthawi. Kenako anakhala pansi, ndipo apa ndi pamene Ambokile anadziwa kuti yake yafika.

"Unakwera nane tsiku lonse."

"Inde, bambo."

"Unavula chipewa kwa wokhoma mabokosi. Unadya nane chimanga chootcha panjira, n'kundiuza kuti mwina mayiyo anali wakutali."

"Tinkaopa mtima wanu, bambo. Amayi anati manyazi okha akuphani."

"Mtima wangawu unaika abale ako awiri m'manda, sunaime. Ukanaima ndi manyazi? Ndikanachita manyazi, inde, ndikanasowa poyang'ana mwezi wathunthu. Nanga munthu amafa nazo?" Anapukusa mutu. "Mwambo umati ndisamuone nkhope mwana wa eni uja. Ndi ulemu umenewo, ndipo ndidzausunga mpaka kufa. Koma ndi mwambo uti umene unati ndimuphe osadziwa? Inu simunkasunga mwambo. Munkasunga nkhope zanu, mwambo munangoufunda ngati bulangeti."

"Ndinalakwa, bambo."

"Usandiuze ine. Ukamuuze uyo wang'ambidwa mimbayo. Anakupempha chipatala kapena sanakupemphe?"

"Anandipempha."

"Ndiye wanzeru m'nyumba mwako ndamudziwa."

Ambokile anakanena mawuwo m'mawa mwake, atagwada pambali pa bedi, odwala ena akusuzumira. Tusajigwe anamumvetsera maso ali kudenga.

"Dzukani, bambo a Ipyana, mukundichititsa manyazi," anatero mawu ali ofooka. "Mlandu wanu ndiusunga, tikaukamba ndikayamba kudya. Pano musandiseketse, ulusi ungaduke."

Madzulo a tsiku lomwelo a Mwankuga anapita okha kwa makolo a Tusajigwe kukaulula, mphekesera isanawatsogolere. Alongo a Tusajigwe anabwera kuchipatala nkhope zili gwa, anakalipa pakhonde mpaka mlonda anawaletsa, koma chingwe cha ng'ombe sanabwere nacho. Ukali wawo wonse unagwera Ambokile, ndipo iye anaulandira ngati mvula ya pa nthawi yake. Munthu amene mkazi wake wabwerako kumanda, kutukwanidwa kumamukomera.

Tusajigwe anatuluka m'chipatala patatha masabata awiri, ataonda, akuyenda chowerama. Anabwera pa minibasi, chifukwa anati za kukwera galimoto ya eni mudzi ali maso sangazithe. A Ndimbumi anapha nkhuku osauzidwa ndi munthu, anaphika nthochi zofewa ndi msuzi, anabweretsanso chambiko m'chikho. Za madzi otentha sanazitchulenso.

Loweruka masana, Tusajigwe atagona m'nyumba chitseko chili chotseka pang'ono, kunja kunamveka kutsokomola kodziwitsa kuti kukubwera munthu wamkulu. A Mwankuga anatulukira m'nthochi atanyamula kampando kawo. Anakaika pakati pa bwalo, n'kukhala atafulatira nyumba, nkhope italoza ku tsinde la nthochi limene linali patsogolo pawo. Ambokile ndi mayi ake anayang'anana.

"Nthochi iwe," anayamba motero mkuluyo mokweza, "ndabwera ndi mawu. Pali mwana wa eni m'mudzi muno amene ndinamugunda ndi galimoto. Chifunga chinalipo, koma chiwongolero chinali m'manja mwanga. Ukamuuze kuti ndapepesa."

M'nyumba munamveka mawu a Tusajigwe, otsika. "Bambo a Ipyana, auzeni eni mudzi kuti tsoka silinunkha. Palibe chakukhosi."

"Akuti palibe chakukhosi, bambo," anatero Ambokile.

"Ukamuuzenso, nthochi iwe, kuti ulemu wake ndauona, ndipo wandikwana. Koma tsiku lina chinthu chikadzamugunda, kaya ndi njinga, kaya ndi lole, kaya woyendetsa ndi ine, kaya ndi abusa, asadzathawe. Adzagone pomwepo n'kukuwa. Nsalu ikadzakwera, ine maso ndili nawo otsinzina."

"Auzeni kuti ndamva," anatero Tusajigwe, ndipo zinkamveka kuti akudziletsa kuseka. "Ndidzakuwa mpaka akamve ku Tukuyu."

"Akuti adzakuwa mpaka..."

"Khala chete iwe," anamudula a Mwankuga. "Nthochi iwe, vuto langa ndi limenelo. Wonditumikira mawuyu ndi munthu wabodza. Anandiuza kuti ndi malungo. Mayi akenso ndi omwewo. Pakhomo pano palibe amene ndingamukhulupirire akandiuza kuti mwana uja ali bwino. Chigundireni sindinagone tulo tabwino. Ndikufuna ndimve ndi makutu angawa, kuchokera kwa mwini wake, kamodzi kokha. Ndikatero sindidzapemphanso."

A Ndimbumi anatsegula pakamwa, anayang'ana msana wa amuna awo, n'kutsekanso. Kenako mphasa inalira, chitseko chinasuntha pang'ono.

"Ndili moyo, bambo."

A Mwankuga sanacheuke. Anagwedezera mutu nthochi ija kangapo, mapewa akunjenjemera.

"Basi, mwana wanga," anatero. "Ndizo ndimafuna."